Kuseri kwa Mpanda Kunkamveka Madzi

"Odi kubafaaa! Tikukwera padengaaa!"

Ndinakuwa choncho phazi limodzi lili pamakwerero. Kumbuyo kwanga anthu anafa nacho chiseko. Sindinawaone. Kumaso kwanga kunali chigalasi chachikulu chomangidwa ndi lamba kuzungulira mutu. Mkati mwa chigalasicho ndinali pabwalo la nyumba ya eni, masana, dzuwa likuswa mtengo. Kunja kwake ndinali mu holo ya parishi, pasimenti, mwendo uli m'malere ngati tambala.

"Alamu, mukuitana ndani?" Amenewo anali mawu a mlamu wanga, mlongo wa mkazi wanga. "Kodi m'kabokosimo mwapezamo abale?"

Ndinatchera khutu. Kuseri kwa nyumba ya m'chigalasiyo kunkaoneka ngodya ya mpanda wopanda denga. Mkati mwa mpandawo munkamveka madzi. Khwaa. Kenako zii. Khwaa. Ngati munthu akudzithira ndi kapu.

Palibe anandiyankha.

"Kwerani, bambo, nthawi ikupita," anatero aphunzitsi athu. Anali mtsikana wa m'tauni, msinkhu wa mwana wanga woyamba.

Ndinakwera mutu uli pansi. M'manja ndinagwira timitengo tiwiri ta pulasitiki, koma m'chigalasimo tinkaoneka ngati manja ovala magolovesi. Ndinanyamula panelo la sola, losalemera ngakhale pang'ono. Denga linali la mbali ziwiri. Mbali ya kuseri ndiyo inayang'anizana ndi mpanda uja. Ine ndinakhala mbali ya makwerero, ndipo panelo ndinaliika pomwepo. Ndinamanga mabawuti anayi. Ndinalumikiza waya wofiira ndi wakuda monga anatiuzira. Ntchito yaukhondo.

Patsogolo panga panatuluka zilembo zofiira. Chizungu sindichidziwa kwenikweni, koma kufiira ndimakudziwa.

Ine ndine mmisiri wa madenga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Ndakhoma malata kuchokera ku Nsaru mpaka ku Kabudula, ndamanganso zigafa za fodya zomwe sindingaziwerenge. Zoyankhula zambiri sindizitha. Ndimatha nyundo.

Pa madenga onsewo lilipo limodzi lomwe ndimaliyang'ana ndikamadutsa panjinga. Ndi la chidikiro, nyumba yomwe amayi oyembekezera amagonamo podikira tsiku lawo, pafupi ndi chipatala chathu chaching'ono. Ndinalikhoma ndekha zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Silinadonthepo. Adzukulu anga awiri anadikiriridwa pansi pake.

Chaka chatha kunabwera bungwe lina la m'tauni. Linati liika magetsi a sola pachidikiropo, chifukwa amayi ankadalira matochi. Linatinso oika akhale anthu a konkuno. Tinalembetsa khumi ndi awiri. Tinaphunzira mlungu umodzi za mawaya ndi mabatire, kenako mayeso. Aliyense ayesedwe katatu m'chigalasi, kamodzi patsiku. Woona zilembo zobiriwira ndiye adzakwere padenga lenileni.

Akuti panelo lenileni ndi lodula, wophunzira akhoza kuliswa. Akutinso m'chigalasi ukhoza kugwa kakhumi osathyoka. Zimenezo ndinazimva. Chomwe sindinamve n'chakuti munthu ungaphunzire bwanji denga losatentha kumapazi.

Za sola sindinkazifuna. Ndinalembetsa chifukwa cha chinthu chimodzi. Poika panelo amaboola malata. Ukaboola m'ngalande ya lata, momwe mumayenda madzi, denga ladontha. Ukaboola pomwe pansi palibe thabwa, bawuti ilibe pogwira, ndipo chimphepo cha mvula yoyamba chidzazula zonse. Pomwe matabwa a denga limenelo akudutsa ndimadziwa ndine. Sindinafune kuti munthu wina aliboole. Makamaka mlamu wanga.

Mlamu wangayo amakonza mawailesi ndi kutchajitsa mafoni ku Nsaru. Mawaya amawadziwa, sindikana. Koma denga lomwe anakwerapo pamoyo wake ndi la khola la nkhunda, ndipo linagwa.

Atandivula chigalasi tsiku loyambalo, m'holomo munaoneka mdima. Anzanga anali akupukutabe misozi. Iwo sankaona zomwe ine ndinkaona. Ankangoona mwamuna wamkulu akukwera mphepo. Oona zonse anali aphunzitsi okha, pakompyuta yawo.

"Manja anu ndi abwino, bambo," anatero. "Palibe wamanga mabawuti msanga ngati inu. Koma mwaika kumwera. Kuno kwathu panelo limayang'ana kumpoto. Mukafika pamsonga pa denga muime, muyang'ane kumpoto, muone ngati kulibe mtengo wotchinga dzuwa. Makinawa amaona komwe maso anu ayang'ana. Mukapanda kuyang'ana, sakulolani."

"Kumpoto n'kuti m'menemo?"

"Kuseri kwa nyumba."

"Kuli mpanda kuja?"

"Eya, komweko."

"Nanga m'mpandamo?"

"Za mpanda zisiyeni, bambo, si za mayeso anu. Inu yang'anani mitengo."

Zoti dzuwa la mwezi wa Juni limapendekera kumpoto ndinazidziwa iwo asanabadwe. Womanga zigafa amadziwa komwe mthunzi umagwera. Vuto silinali dzuwa.

Kwathu kuno mabafa alibe denga. Ndi mpanda wa udzu ndi mwala wopondapo, basi. Ukakwera padenga umaona mudzi wonse ngati uli m'mbale. Ndiye usanakwere umaitana. Ukamva madzi umadikira mpaka wina ayankhe kuti, "Tatuluka, kwerani." Palibe anazilemba m'buku. Ine anandiuza ndi amalume, amene anandiphunzitsa ntchitoyi, ndipo sindinamvere.

Ndinali ndi zaka makumi awiri. Ndinakwera osaitana chifukwa mitambo inali itada ndipo malata anali asanathe. Nditafika pamwamba ndinacheuka. M'bafa la nyumba yoyandikana munali mayi wina, msinkhu wa amayi anga. Anandiona, nane ndinawaona. Sanakuwe. Anangokhala pansi n'kuphimba nkhope ndi manja. Amalume anandinyamulitsa nkhuku kukapepesa. Nkhukuyo anailandira. Koma kuyambira pamenepo, tikakumana panjira, ankapatukira m'munda ngakhale muli chimanga chonyowa ndi mame. Anatero mpaka anamwalira. Kumaliro kwawo ndinakumba nawo manda, koma sindinadye.

Kuyambira nthawi imeneyo khosi langa likamva madzi kuseri kwa mpanda silitembenuka.

Ndinkadziwa kuti m'chigalasi mulibe munthu. Si ine mwana. Ndinachiona akuchitulutsa m'katoni. Koma amene anachipanga anaikamo nyumba, anaikamo nkhuku yoyenda pabwalo, anaikamo ndi mbalame zolira. Zonsezo anazitenga penapake. Nanga madziwo anawatenga kuti? Anawaikiramo chiyani? Ndinaganiza kuti mwina ndi msampha, akufuna aone mmisiri waulemu ndi wopanda ulemu. Koma ngati ndi choncho, bwanji anandipatsa zofiira?

Tsiku lachiwiri ndinabwera ndi nzeru. Ndinati ndidikira amalize. Munthu sasamba tsiku lonse.

Ndinavala. Bwalo lomwe lija, nkhuku yomwe ija, ikujompha pamalo pomwe inajompha dzulo lake. Ndinaitana motsitsa mawu kuti anzanga asamve. Anamva.

"Ayankha, alamu?"

"Mwina eni nyumba ndi ogontha," wina anatero.

Khwaa. Zii. Khwaa. Ndinaima pansi pa makwerero n'kuyamba kuwerenga. Ndowa ya madzi osamba imatha ndi makapu makumi atatu, ikakula makumi anayi. Ndinafika makumi anayi. Madzi sanaleke. Makumi asanu ndi limodzi. Ndinaganiza kuti mwina alimo awiri. Mwina mayi akusambitsa ana.

"Bambo, chavuta n'chiyani?" anafunsa aphunzitsi. "Mukumva chizungulire?"

"Ayi."

"Mukuopa kukwera? Ambiri amaopa. Si zamanyazi."

Ine kuopa makwerero. Ine amene ndinakhoma denga la tchalitchi wopanda chingwe m'chiuno. Mawu amenewo anandiwawa kuposa chiseko. Ndinakwera mwaukali mpaka pamsonga, panelo lili m'manja. Kunangotsala kudzutsa mutu. Khwaa. Khosi linauma. Ndinaima pamenepo maso ali pamapazi, omwenso sanali anga, anali majombo achikasu. Ndinadziuza kuti mulibe munthu. Ndinadziuzanso kachiwiri. Belu linalira m'makutu. Nthawi yatha. Zofiira.

Tsiku limenelo mlamu wanga anapeza zobiriwira. Anavina ali chivalire chigalasi mpaka anagunda benchi.

Potuluka ndinamukokera pambali, pomwe tinasiya njinga.

"Alamu, m'mpanda muja munaonamo chiyani?"

"Mpanda uti?"

"Wa kuseri. Muli madzi muja."

"Madzi? Ine ndimayang'ana mitengo, ndi zomwe anatiuza. Inu mwalowa m'menemo kukafuna madzi? Munamva ludzu?" Anandisisita paphewa. "Musadandaule, alamu. Denga lanu ndiliboola bwinobwino. Likadontha, amayi azingotunga pomwepo osavutika kupita kumjigo."

Ndinakwera njinga.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga akuswa mtedza pakhonde. Ndinakhala pampando. Anandiyang'ana kamodzi n'kudziwa.

"Zofiiranso?"

"Eya."

"Inu mumati ntchitoyo ndi yosavuta."

Ndinamuuza za mpanda ndi madzi. Anasiya kuswa.

"Ndiye mkaziyo ndi wa kuti?"

"Kulibe mkazi."

"Nanga mukuopa ndani?"

"Sindikuopa."

"Koma madzi mukuwamva?"

"Ndikuwamva."

"Ndipo mwaitana, sanayankhe?"

"Sanayankhe."

"Ndiye musayang'ane," anatero, n'kuyambanso kuswa.

"Ndikapanda kuyang'ana ndilephera. Mlongo wanu anayang'ana."

"Uja analibe manyazi chibadwire. Auzeni aphunzitsiwo."

"Ndi mwana uja. Ndiyambe bwanji? Ndinene kuti m'makina anu muli mayi akusamba? Pamaso pa anthu khumi ndi mmodzi?"

Anaganiza pang'ono. "Ndikanakhala ine m'bafamo, ndikanafuna musayang'ane."

"Mulibe bafa."

"Inu ndi amene mwati muli bafa."

Ndinatola mtedza awiri n'kutafuna. Mutu unali utazungulira kuposa mmene ndinabwerera.

Tsiku lachitatu njira ndinaiganiza ndikupalasa njinga. Ndikwera. Ndikafika pamsonga nditembenuka, nditsikira mbali ya kumpoto chafutambuyo, msana uli kumpanda. Ndiika panelo. Kuyang'ana ndikusiyira kumapeto, ndipo ndikayang'ana chibwano chili m'mwamba, ndione nsonga za mitengo zokha. Makina akhuta, mayiyo sandiona, ine sindimuona. Ndinaona kuti ndi nzeru yabwino. Mpaka ndinaimba mluzu.

Atandivala chigalasi ndinaitana katatu, mokweza, monga ndimachitira pantchito. Ulendo uno anthu sanaseke kwambiri. Anali atatopa nazo.

Ndinakwera. Pamsonga ndinatembenuka. Ndinatsika chafutambuyo, phazi limodzi, kenako linzake. Ndinagwada n'kuika panelo. Mabawuti anayi. Waya wofiira, waya wakuda. Kumbuyo kwanga madzi ankamveka pafupi kwambiri, ngati andidonthera pamsana.

"Bwino, bambo, bwino," anatero aphunzitsi chapansipansi. "Kwatsala kuyang'ana kumpoto basi."

Ndinaimirira. Ndinakweza chibwano mpaka ndinaona thambo lokha. Ndinayamba kutembenuka pang'onopang'ono.

Padenga lenileni ndimayenda wopanda nsapato. Phazi limamva mitu ya misomali, limamva pomwe lata likuthera, limandiuza ndisanaone. M'chigalasi phazi langa linkamva simenti ya holo, yosalala paliponse. Silinandiuze kanthu. Ndinaponda pomwe panalibe denga.

Dziko linatembenuka. Ndikugwa choncho ndinaona mkati mwa mpanda. Munali thanki ya pulasitiki yobiriwira. Pamwamba pake panali paipi, ikulavula madzi, kuleka, kulavulanso. Pambali pake kamakina kakang'ono. Munthu munalibe. Ngakhale sopo.

Ndinapezeka ndagwada pasimenti, bondo likuwawa zenizeni. Zofiira zinali pamaso panga. Ndinavula chigalasi ndekha n'kuchiika patebulo. Palibe anaseka. Mlamu wanga ankayang'ana pazenera.

Ndinatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Aphunzitsi ananditsatira.

"Bambo, ndithandizeni kumvetsa. Zonse munachita bwino. Bwanji mumayenda chafutambuyo?"

"Madzi aja."

"A pampu? Ija ndi pampu ya sola. Ndi ya phunziro lina, la ulimi wothirira."

"Ine ndimayesa bafa."

Anandiyang'ana osaphethira.

"Kuno tikamva madzi kuseri kwa mpanda sitikwera," ndinatero. "Timaitana. Timadikira atiyankhe."

"Ndiye kuitana kuja, masiku onse atatu?"

"Eya."

"Ndi dzulo, munaima pansi pa makwerero muja?"

"Ndimadikira amalize."

Ndinaganiza kuti aseka. Sanaseke. Anakhala pamuzu wa mtengo, nagwira tsaya.

"Ine ndakulira m'nyumba ya bafa la mkati," anatero. "Chigalasichi ndachivala kambirimbiri. Madziwo ndimawamva, koma sindinaganizepo. Bwanji simunandiuze tsiku loyamba?"

Ndinathyola kamtengo n'kumalemba pansi.

"Sindingasinthe kanthu, bambo. Makinawa amatumiza okha zotsatira ku ofesi. Amene sanapambane saloledwa kukwera tsiku loika. Wina akagwa, mlandu ndi wathu. Gulu lina liyamba mvula ikatha. Ndikulembani poyambirira."

"Pachidikiro muika liti?"

"Lachisanu likubwerali."

Ndinagwedeza mutu.

"Ndikawauza amene anapanga chigalasichi," anatero.

"Akachotse madziwo?"

"Kapena aikemo munthu woyankha."

Sindinadziwe ngati ankaseka kapena ankanena zoona. Sindinadziwenso kuti anthuwo ali kuti, ndi ngati anaonapo bafa la udzu.

Opambana anali anayi. Mlamu wanga anali woyamba pamndandanda. Masiku otsatirawo ndinkakonza chigafa cha munthu wina chakufupi ndi Nambuma, koma maganizo anali kwina. Ndinalephera, ndi zoona. Ndinagwa padenga, ndi zoonanso, ine amene sindinagwepo. Koma chomwe ndinalakwitsa sindinkachiona bwinobwino. Ndikanayang'ana, ndikanapambana. Amalume akanakhala moyo akanandimenya khofi chifukwa cha kuyang'anako. Ndinkati ndikaganiza mbali iyi, mbali inayo inkandikana.

Lachinayi masana ndinamangirira makwerero anga panjinga. M'thumba ndinaika choko ndi tepi yoyezera. Ndinapita kuchidikiro.

Kuseri kwa nyumbayo kuli mabafa atatu a udzu. Ndinaimika makwerero kutsogolo. Madzi ankamveka.

"Odi kubafaaa! Tikukwera padengaaa!"

"Ndani?" anafunsa mawu a mayi.

"Mmisiri wa denga!"

"Dikirani, amisiri, tili pakati! Ndi mimba iyi munthu sufulumira!"

Amayi ena anaseka m'khonde. Ndinakhala pamwala n'kudikira. Kudikira kumeneko sikunandivute ngakhale pang'ono. Anamwino anadutsa ndi beseni.

"Kodi ladontha?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Ndikungoliona."

Anandiyang'ana, n'kupitirira.

"Tatuluka, kwerani!"

Ndinavula nsapato. Malata anali otentha, mwezi wa Okutobala. Mapazi anapeza okha mzere wa misomali. Nditafika pamsonga ndinaima n'kuyang'ana kumpoto. Mabafa atatu opanda anthu, miyala yonyowa, chitenje chayanikidwa pampanda. Patali mtengo wa bulugamu, mthunzi wake sungafike. Khosi linatembenuka lokha, mosavuta.

Kukula kwa panelo ndinakudziwa kuchokera m'kalasi. A bungwe anati abweretsa awiri. Ndinayeza. Ndinalemba mitanda isanu ndi itatu ndi choko, pamisana ya malata, pomwe pansi pali thabwa. Ndinajambulanso mizere iwiri yoonetsa popondapo. Msomali umodzi unali utadzuka pang'ono, ndinaukhomera. Kenako ndinatsika.

Sindikudziwa ngati zinali zololedwa. Anati osakwera tsiku loika. Limenelo silinali tsiku loika.

Lachisanu m'mawa ndinatulutsa njinga.

"Mukupita kukaonerera?" anafunsa mkazi wanga.

"Ndikukagula misomali."

"Misomali ayamba kugulitsa kuchipatala?"

Ndinapita.

Galimoto ya bungwe inali itafika kale. Anayi aja anavala majombo achikasu ndi zipewa zolimba, ngati a m'chigalasi. Anthu anabwera ambiri kudzaona. Ine ndinaima patali pang'ono, pansi pa mtengo, nditagwira njinga.

Mlamu wanga anaimika makwerero. Anamanga lamba m'chiuno. Anaponda poyamba. Kuseri kwa nyumba madzi ankamveka. Khwaa. Zii. Khwaa. Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinapatseka. Ntchito sinali yanga.

"Imani," anatero aphunzitsi. "Simunaitane."

Mlamu wanga anacheuka. Maso ake anayendayenda pagulu mpaka anandipeza. Ndinadikira mawu achipongwe. Sanabwere.

"Odi kubafa," anatero, ngati akupempha mchere.

"Kuwani kuti amve," anatero aphunzitsi.

"Odi kubafaaa! Tikukwera padengaaa!" Mawu anamuthyokera pakati. Anthu anaseka.

"Amenewo si mawu a mmisiri wa dzulo!" anayankha mayi kuseri. "Dikirani, anyamata inu!"

Aphunzitsi anayang'ana komwe ndinaima. Ine ndinayang'ana tcheni cha njinga.

Anadikira. Amuna anayi ovala zipewa, dalaivala, aphunzitsi, onse chiimire padzuwa, mapanelo ali pansi. Dalaivala anayang'ana wotchi kawiri. Mlamu wanga ankapukuta thukuta. Palibe anaponda makwerero.

"Tatuluka, kwerani!"

Anakwera. Majombo ake ankalira pamalata. Anaponda kamodzi pakati pa matabwa, lata linadandaula, ndipo ndinamva ngati wandiponda pachifuwa. Anafika pamsonga, naima, nayang'ana kumpoto. Kenako anatsikira kuseri, sindinamuonenso. Majombo analeka kulira.

"Aphunzitsi! Kuno kuli zolemba! Mitanda ya choko, ndi mizere!"

"Ingati?"

"Isanu ndi itatu. Yofanana ndi mabowo a mapanelo!"

Majombo anayambanso kuyenda, koma tsopano mwakachetechete. Ankaponda pamzere.

Mutu wa mlamu wanga unatulukira pamsonga, chipewa chitapendekera.

"Alamu! Ndiboole pamtandapa, eti?"

Anthu onse anacheukira kwa ine. Ndinagwiritsa chiwongolero cha njinga. Mlamu wanga anadikira pang'ono, kenako mutu unabwerera.

Choboolera chinalira. Chikamadutsa lata chimalira mokweza, ngati mwana wa mbuzi. Chikapeza thabwa mawu amatsika, amanenepa. Chikapanda kulipeza chimangothawa. Ndinatchera khutu. Chinalira mokweza. Kenako mawu anatsika. Thabwa.

Bowo lachiwiri. Thabwa.

Ndinamva mabowo onse asanu ndi atatu m'mano mwanga. Onse anapeza thabwa. Denga langa linabooledwa ndi munthu wa khola la nkhunda, ndipo linabooledwa bwino. Sindinadziwe ngati ndikondwere kapena ndikwiye.

Aphunzitsi anabwera pomwe ndinaima, pepala lili m'manja.

"Ndi inu munalemba mitanda ija, eti, bambo?" anatero. "Pano akufuna dzina la amene watsogolera ntchito. Tsono ndilembe ndani?"

Ndinayang'ana padenga. Panelo loyamba linali likukwezedwa, likunyezimira. Ndinatembenuza njinga yanga n'kuyamba kuikankha. Sindinaikwere mpaka nditadutsa pamjigo.